Lipoti la Ulimi wa Maluwa a Nyengo Imodzi m'Minda Itatu ya m'Chigawo cha Tete, 2022 mpaka 2024

Lipoti ili ndalembera alangizi anzanga komanso alimi amene akhala akundifunsa ngati maluwa angalimidwe kuno kwathu mopindulitsa. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi ya mbewu za kudimba monga tomato, kabichi, anyezi ndi mbatata ya kachewere, ndipo za maluwazi ndinazilowa chifukwa chopemphedwa ndi mayi wina wokhala kufupi ndi tawuni ya Ulongué m'boma la Angónia ku Mozambique. Kuchokera mu Disembala 2022 kufikira mu Novembala 2024 ndinatsatira minda itatu: dimba la mayiwo, kamunda ka mphunzitsi wina wopuma pantchito ku Tsangano, ndi bwalo la nyumba ya mlongo wa mayi aja ku Moatize. Maina a eni mindayi sinditchula. Maluwa amene ndikunena ndi aja amamera, kukula, kuchita maluwa, kubereka njere ndi kufa m'nyengo imodzi, monga marigold, zinnia, cosmos ndi petunia, osati a rozi kapena ena okhala zaka zambiri.

Malo ndi nyengo

Munthu wonyamuka ku Ulongué m'mawa wa mwezi wa Juni atavala jekete, akamawoloka mlatho wa Samora Machel kulowa mumzinda wa Tete masana amakhala ataivula kalekale. Ulongué ali pamalo okwera mamita oposa 1,200, Tsangano ndi kokwera kuposa pamenepo, pamene Moatize ndi mzinda wa Tete zili m'chigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Kumtunda kuno chisanu chimatha kuwaula mbewu m'madambo mu Juni ndi Julayi, koma kuchigwa miyezi yomweyo ndiyo yokhayo imene mbewu zanthete zimapumako. Chigawo ndi chimodzi, koma kalendala ya kafesedwe singakhale imodzi, ndipo ine amene ndinachedwa kuzindikira zimenezi pa nkhani ya maluwa ngakhale ndinkazidziwa bwino pa kabichi.

Njere zimene zimapezeka m'masitolo zimabwera m'timapepala tochokera ku South Africa kapena ku Ulaya, ndipo malangizo a kumbuyo kwake amalembedwa potsata nyengo za kumeneko. Kapepala ka ku Portugal kakamati fesani mu Malichi mpaka Meyi, kakunena za nthawi imene kumeneko kukuyamba kufunda, pamene kwa ife miyezi imeneyo mvula ikutha ndipo tikulowa m'nyengo yozizira. Kwa maluwa okonda kuzizira, malangizowo amangopezana mwamwayi ndi nthawi yathu yoyenera. Kwa maluwa okonda kutentha, amasocheretsa.

Dimba la ku Ulongué: nyengo yoyamba

Mayiwa ali m'gulu la amayi okongoletsa guwa la tchalitchi chawo, ndipo anatopa ndi maluwa a pulasitiki amene amayenera kutsukidwa fumbi Loweruka lililonse. Anagula timapepala tinayi, ta petunia, zinnia, cosmos ndi ta duwa lija pa Chipwitikizi amati boca-de-leão chifukwa ukalifinya m'mbali limayasamula. Anafesa zonse tsiku limodzi mu Disembala 2022, mvula itakhazikika, monga momwe aliyense amachitira ndi chimanga. Anandiitana pakati pa Januwale zinthu zitayamba kale kuipa.

Nditafika ndinapeza bedi la nazale lili pansi pa mtengo wa mango, pa dothi la makande lomwe linali litamwa madzi mpaka kumata ku nsapato. Pamzere wa petunia panali timbande tosakwana khumi. Nditafunsa m'mene anafesera, anandionetsa ndi chala kuti anakwirira njere mpaka pa mfundo yoyamba, monga amachitira ndi kabichi. Njere za petunia ndi zazing'ono ngati fumbi, moti galamu imodzi imakhala ndi njere pafupifupi 10,000, ndipo zimafuna kuwala kuti zimere; zikakwiriridwa chotero zimangofera pansi. Pamzere wa boca-de-leão mbande zinamera bwino koma zambiri zinali zitagwa chagada. Ndinazula imodzi n'kuwaonetsa: masamba ake anali obiriwirabe, koma tsinde, pamalo pamene likumana ndi dothi, linali litaonda ngati ulusi ndi kuda. Awa ndi matenda odziwika a m'nazale, oyambitsidwa ndi tizilombo ta m'gulu la nkhungu tokhala m'dothi, monga Pythium ndi Rhizoctonia, ndipo amakula msanga pamene pali chinyezi chosatha, mthunzi ndi mbande zothithikana. Zitatu zonsezi zinalipo.

"Alangizi, kodi si njere zimenezi zandinamiza?" anandifunsa. Ndinawayankha kuti, "Amayi, tisaweruze tisanaziyese." Tinatenga njere makumi awiri pa kapepala kalikonse mwa zotsala, n'kuziyala pa kansalu konyowa m'mbale, n'kuziika pamalo ofunda m'nyumba. Patatha sabata ndi theka, za zinnia ndi cosmos zinali zitamera pafupifupi zonse, za boca-de-leão zoposa theka, koma za petunia zinamera zitatu zokha. Kapepala kake kanali kofwifwa mbali imodzi, chizindikiro choti kanakhalitsa pawindo la sitolo padzuwa. Choncho pa petunia vuto linali pawiri, njere zokalamba ndi kukwirira mozama, koma pa zina zonse njere zinalibe mlandu.

Zinnia ndi cosmos zinapulumuka m'nazale ndipo anaziwokera, koma nazonso zinali ndi zawo. Zinnia inakula mokondweretsa mpaka mu Febuluwale, pamene masamba a m'munsi anayamba madontho ofiirira okhala ndi pakati potuwa, amene anakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa maluwa enieniwo. Madontho a mvula akamenya pansi amathovutsira dothi pamasamba, ndipo ndi mmene matendawa amafalikira. Mbewu zobzalidwa moyandikana kwambiri siziuma msanga mvula ikakata, ndiye matenda amapeza pokhala. Cosmos ndiyo inandiseketsa ngakhale mwini wake sanaseke. Poona kuti ikukula mowonda, mayiwa anaithira yureya wotsala ku chimanga, kawiri konse. Inatalika kupitirira phewa lawo, masamba ali biriwiri, popanda ngakhale duwa limodzi, ndipo mphepo ya kumayambiriro kwa Malichi inaigwetsa yonse. Cosmos ndi mbewu ya m'nthaka yosauka, n'chifukwa chake imamera yokha m'mbali mwa misewu m'madera ambiri a kum'mwera kwa Africa popanda woisamala. Nayitirojeni wochuluka, monga wa mu yureya, amaikankhira ku masamba. Komanso imachita maluwa usana ukayamba kufupika, ndiye yofesedwa mu Disembala imayembekeza mpaka cha mu Malichi ndi Epulo, ikungotalika.

Bambo a panyumbapo, amene anali chete nthawi yonseyi, ananena mawu amodzi okha tsiku limene tinkazula cosmos yakugwayo: "Maluwa si ndiwo." Sindinawatsutse, chifukwa bedi limenelo likanakhala la mpiru akanadya.

Nyengo yachiwiri: Epulo mpaka Novembala 2023

Ndinawapempha kuti tiyesenso kamodzi, koma nthawi ino tisiyanitse maluwa m'magulu awiri, okonda kuzizira ndi okonda kutentha, ndipo tisawafese tsiku limodzi. A kuzizira, omwe ndi boca-de-leão, petunia ndi calendula, tinawafesa sabata yoyamba ya Epulo. Nazale ya pansi tinaisiya. Tinatenga mabeseni akale atatu, n'kuwaboola pansi ndi msomali wotentha, n'kudzazamo dothi lakuda la pamwamba, mchenga wa kumtsinje ndi manyowa a khola owolerana bwino, zonse zosefa, muyeso wofanana. Dothilo tinayamba talitenthetsa lili lonyowa mu mgolo wodula pakati, pamoto wa zitsononkho, mpaka nthunzi itatuluka mokwanira, kenako n'kulisiya lizizire usiku wonse. Njira imeneyi ndi yotopetsa ndipo singatheke pa bedi lalikulu, koma pa mabeseni atatu ndi ntchito ya madzulo amodzi, ndipo imapha nkhungu za m'dothi pamodzi ndi njere za udzu.

Njere zatsopano za petunia tinazisakaniza ndi mchenga wouma wodzaza supuni, kuti zimwazike mofanana, n'kuziwaza pamwamba ndi kuzitsindira ndi chikhatho osakwirira. Kuthirira ndi kheni tinaletsa, chifukwa madzi ogwa kuchokera pamwamba amakokolola njere zotere n'kuziunjika pakona. M'malo mwake beseni linkaikidwa m'bafa lokhala ndi madzi pang'ono mpaka dothi litanyowa lokha kuchokera pansi. Mabeseni ankakhala pa thandala pakhonde la kum'mawa, kumene amalandira dzuwa la m'mawa ndipo nkhuku sizifikako. Mbande zitatulutsa masamba enieni anayi tinayamba kuzizoloweza dzuwa la tsiku lonse kwa sabata imodzi, kenako tinaziwokera kudimba madzulo. Feteleza tinathira wa NPK 12-24-12 yemwe timathira pobzala chimanga, kachitsekero kamodzi ka botolo pa phando, kutali pang'ono ndi tsinde, ndipo yureya sanafikeko.

Masiku oyamba tinaluza mbande zingapo chifukwa cha nkhululu ndi mphutsi zija zimadula tsinde usiku n'kubisala m'dothi masana. Mayiwa anazithetsa okha: m'mawa uliwonse ankafukula ndi kamtengo pafupi ndi mbande yodulidwa n'kupeza mphutsi itadzipinda, ndipo mbande zotsala anaziveka timabotolo ta pulasitiki todula mbali zonse ziwiri, tolowa pang'ono m'dothi.

Chinthu chimene anakana poyamba ndi kutsina nsonga. Nditawauza kuti boca-de-leão ikafika kutalika kwa chikhatho aidule kansonga, anati sangapweteke mbewu imene aivutikira chotero. Tinagwirizana kuti atsine mzere umodzi, wina ausiye. Wosatsinawo unayamba kuchita maluwa msanga, koma mbewu iliyonse inatulutsa ngala imodzi yaitali basi. Wotsinawo unachedwa ndi masabata awiri, koma mbewu iliyonse inatulutsa nthambi zinayi kapena zisanu, iliyonse ndi ngala yake. Kuyambira mu Julayi mpaka kumapeto kwa Seputembala guwa la tchalitchi chawo linali ndi maluwa amoyo Lamulungu lililonse, ndipo a pulasitiki anaikidwa m'katoni.

Apa ndiyenera kuvomera cholakwa changa choyamba. Poona kuti mvula yatha ndipo matenda a madontho sadzavutanso, ndinalola kuti zinnia yotsala ifesedwe mu Meyi. Inamera mochedwa, inapinimbira, ndipo mu Julayi masamba ake anayera ngati awazidwa ufa. Nkhungu yoyera imeneyi siifuna mvula. Imakonda usiku wozizira wa mame ndi usana wouma, zomwe ndi nyengo yeniyeni ya Angónia m'miyezi imeneyo. Zinnia kwawo ndi ku Mexico, ndipo imafuna dothi lofunda. Tinaizula n'kuitentha.

Tinafesanso zinnia ndi marigold sabata yomaliza ya Ogasiti, ndipo tsikuli sitinalisankhe mwachisawawa. Pa 2 Novembala Akatolika amakumbukira akufa onse, ndipo mabanja amapita kumanda kukalambula ndi kukayala maluwa. Zinnia imatenga masiku pafupifupi 60 mpaka 70 kuchokera pofesa kufika pa maluwa oyamba, choncho tinawerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsikulo. Tinabzala motalikana masentimita 30, tinaphimbira ndi udzu wouma, ndipo madzi ankathiridwa pansi pa tsinde, osati pamasamba. Chilimwe cha kumtunda kuno, chokhala ndi dzuwa lambiri ndi mpweya wouma, chinaikomera zinnia kuposa nyengo ina iliyonse imene tinayesa. Maluwa anali aakulu ngati chikhatho cha mwana, ofiira, achikasu ndi apinki, opanda banga.

Pa kadulidwe panali phunziro lina. Maluwa oyamba amene anadula anaweramitsa makosi asanafike n'kunyumba komwe. Zinnia ikadulidwa isanakhwime siimirira m'madzi. Njira yodziwira ndi yogwira tsinde chapakati n'kuligwedeza pang'ono: duwa likamagwedezeka ngati mutu wa munthu wosinza, silinakhwime, likakhala chilili, ladulika. Ankadula m'mamawa dzuwa lisanatuluke, kuchotsa masamba a m'munsi, ndi kuviika mu ndowa ya madzi pompo kudimbako. Pa 1 ndi pa 2 Novembala anagulitsa mitolo yonse imene anamanga, ndipo ena anabwerera chimanjamanja. Ndalama zake sizinali zogulira ng'ombe, koma zinakwanira feteleza wa gawo lina la munda wa chimanga. Kuyambira sabata imeneyo, nditapita kudimbako madzulo, amene ndinkawapeza ndi kheni m'manja pa bedi la maluwa anali bambo aja.

Nkhani ya petunia ndi mizu yotupa

Petunia inayenda bwino kwa miyezi iwiri, kenako mbewu za mbali imodzi ya bedi zinayamba kufota masana ngakhale dothi lili lonyowa. Titazula imodzi tinapeza mizu yake ili timfundo timfundo ngati mikanda. Izi ndi nyongolotsi zosaoneka ndi maso za mtundu wa Meloidogyne, zimene alimi a tomato ndi fodya amazidziwa bwino. Nditafunsa chimene chinali pamalopo kale, yankho linali tomato, zaka zitatu zotsatizana. Petunia ili m'banja limodzi ndi tomato, fodya, mbatata ya kachewere ndi mabiringanya, ndipo adani awo ndi amodzi. Funso limeneli ndinayenera kufunsa tisanawokere, chifukwa pa mbewu zakudya sindiliiwala. Pachifukwa chomwecho ndimalangiza kuti munthu amene wagwira fodya asambe m'manja ndi sopo asanagwire petunia, poti kachilombo koyambitsa matenda a mawangamawanga a fodya kamayenda ndi manja.

Anthu ambiri amva kuti marigold amathamangitsa nyongolotsi zimenezi, ndipo ena amabzala mbewu ziwiri kapena zitatu m'mphepete mwa bedi la tomato n'kumayembekeza zodabwitsa. Zoona zake n'zakuti mizu ya marigold imatulutsadi mankhwala amene amalepheretsa nyongolotsizi kuswana, koma amagwira ntchito pamalo pokhapo pamene mizuyo yafika. Kuti aphule kanthu, marigold ayenera kudzaza bedi lonse mothithikana kwa miyezi iwiri kapena itatu, popanda udzu wina wosunga nyongolotsizo, mbewu inayo isanabzalidwe. Tinachita chomwecho pa bedi lodwalalo m'dzinja lotsatira, pogwiritsa ntchito njere zimene mayiwa anasunga okha. Tomato amene anabwera pambuyo pake anali ndi timfundo tochepa kwambiri poyerekeza ndi wa bedi loyandikana nalo. Sindikunena kuti nyongolotsi zinatheratu, chifukwa sizitheratu, ndipo bedi limodzi si umboni wokwanira. Ndikungolemba chimene tinaona titazula.

Za kusunga njere nazo zili ndi mbali ziwiri. Za marigold, zinnia ndi calendula, zothyoledwa maluwa atauma pa mbewu, zoyanikidwa pamthunzi ndi kusungidwa m'botolo lotseka bwino, zinamera bwino chaka chotsatira, ngakhale mitundu ya zinnia inasakanikirana chifukwa cha njuchi ndi agulugufe. Za petunia zinakhumudwitsa. Kapepala kake kanali kolembedwa F1, kutanthauza kuti ndi mbewu ya haibulidi monga chimanga cha haibulidi, ndipo ana ake safanana ndi kholo. M'malo mwa maluwa aakulu ofiirira kwambiri, kunatuluka timaluwa tating'ono totumbuluka. Mlimi aliyense kuno amadziwa kuti chimanga cha haibulidi sabwereza kubzala, koma palibe amene anaganiza kuti lamulo lomwelo likhudza duwa.

Kamunda ka ku Tsangano

Aphunzitsi a ku Tsangano sanandivutitse kwambiri, chifukwa malo awo amawachitira okha theka la ntchito. Kuzizira kumene kumalola tirigu ndi mbatata ya kachewere kumeneko ndi komwenso maluwa a ku Ulaya amafuna. Boca-de-leão, calendula ndi pansy zinachita bwino popanda chovuta. Anataya marigold ndi nasturtium usiku umodzi wa kumapeto kwa Juni 2023, pamene chisanu chinagwa. M'mawa mwake masamba anali atada ndi kulefuka ngati owiritsa. Zimene zinafa zinali kumunsi, chakudambo, pamene mbewu za mtundu womwewo zobzalidwa pafupi ndi khoma la nyumba, mamita ochepa chakumtunda, sizinakhudzidwe. Mpweya wozizira ndi wolemera ndipo usiku umatsikira kumalo otsika monga madzi, pamene khoma la njerwa limasunga kutentha kwa masana.

Chidwi chawo chachikulu chinali pa duwa loyanga lonunkhira lija amati ervilha-de-cheiro. Anali ndi timapepala tiwiri ta mitundu yosiyana, ndipo anafesa tsiku limodzi mu Epulo pa mpanda umodzi. Mtundu wina unachita maluwa mu Julayi, pamene winawo unangoyanga mpaka mu Okutobala, n'kutulutsa maluwa ochepa amene kutentha kunawayoyola msanga. Kusiyana kwake ndi kwa kutalika kwa usana: pali mitundu imene imayamba maluwa usana uli wa maola 10 kapena 11, ndipo ina imadikira maola 12 kapena kuposa. Kuno kwathu usana wa mu Juni ndi wa maola pafupifupi 11, ndipo pamene ukufika maola oposa 12 kunja kumakhala kutatentha kale. Choncho mtundu wotiyenera ndi umene pa kapepala palembedwa kuti umachita maluwa m'nyengo yozizira. Ndinawachenjezanso kuti njere zake zimafanana ndi nsawawa koma sizidyedwa, ndipo pakhomo pamene pali adzukulu ziyenera kusungidwa patali.

Bwalo la ku Moatize

Cholakwa changa chachikulu chili apa. Mlongo wa mayi aja, amene amagwira ntchito ku Moatize, anabwera kumudzi mu Ogasiti 2023 n'kuona boca-de-leão ili pachimake. Anapempha mbande, ndipo ine ndinamuthandiza kuzikulunga m'mapepala onyowa kuti akwere nazo minibasi ija timati chapa, osaganizako kumene zikupita. Anazibzala m'timatumba takuda ta pulasitiki pa bwalo la simenti. Pofika pakati pa Seputembala anandiimbira foni kuti, "Achimwene, ndikuthirira kawiri pa tsiku koma zikungouma." Nditamupempha kuti agwire kathumba kamodzi masana, anati kakutentha moti sangakagwire nthawi yaitali. Mizu inali ikupsa, ndipo kuthirira kowonjezera kunangoiwoletsa. Ngakhale akanazibzala pansi, duwa limeneli silikanapirira Okutobala wa m'chigwa.

Chaka chotsatira tinasintha zonse. Nthawi yofesa ku Moatize inakhala kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo, kuti mbewu zikule ndi kuchita maluwa pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Zinnia, imene ku Ulongué inapinimbira mu Juni, kumeneko mwezi womwewo inakondwa. Kwa miyezi yotentha tinasankha mbewu zopirira: portulaca, imene pa Chipwitikizi amati onze-horas chifukwa maluwa ake amatseguka dzuwa likakwera, ndi gomphrena ya timaluwa tozungulira ngati mabatani. Timatumba takuda tinatisiya n'kutenga miphika yadothi ndi zidebe zopaka laimu, zoikidwa kumene dzuwa la masana silifika. Vuto lotsala kumeneko ndi madzi. Banjali limathirira ndi madzi otsukira mbale ndi ochapira, ndipo patapita miyezi pamwamba pa dothi pamachita zoyera ndipo nsonga za masamba zimapsa, chifukwa cha mchere wa mu sopo. Ndinalangiza kuti azigwiritsa ntchito madzi otsukuluzira okha, ndipo kamodzi pa sabata azithira madzi abwino ambiri mpaka atuluke pansi pa mphika. Portulaca ikupirira zimenezi, koma zinnia ayi.

Nyengo yachitatu ku Ulongué: 2024

Tinalowa chaka cha 2024 tikudziona ngati odziwa, ndipo mayi aja anakuza malo a zinnia kuchoka pa bedi limodzi kufika pa atatu. Koma dzinja la 2023 mpaka 2024 linali la El Niño, mvula inadula nthawi yaitali mu Febuluwale, ndipo madambo sanamwe mokwanira. Chitsime cha m'dimba, chimene zaka zonse chimafika pa mvula ya chizimalupsa chili ndi madzi, chinayamba kutulutsa matope kumayambiriro kwa Okutobala. Zinnia yaludzu inagwidwa ndi akangaude ofiira aja amavutitsa tomato m'chilimwe. Masamba anachita timadontho tachikasu, ndipo kunsi kwake kunali ulusi wopyapyala. Madzi otsalawo sakanakwanira tomato ndi maluwa, ndipo banjalo linasankha tomato. Anandifunsa maganizo anga ndipo ndinagwirizana nawo. Mabedi awiri a zinnia anauma masabata atatu tsiku la kumanda lisanafike, ndipo lachitatu linapereka maluwa ang'onoang'ono okwana mitolo yochepa.

Chimene chinawapulumutsa ndi mbewu imene tinaibzala mongoyesa. M'dzinja, kumapeto kwa bedi la marigold, tinaika mizere iwiri ya gomphrena ndi umodzi wa duwa lina la ku Australia limene masamba a duwa lake ndi ouma ngati mapesi ngakhale lili pa mbewu, lomwe pa timapepala limalembedwa Helichrysum. Maluwa awiriwa akauma sataya mtundu. Anawadula mu Epulo ndi Meyi, a Helichrysum asanatseguke kwathunthu popeza amapitiriza kutseguka akamauma, n'kuwamanga timitolo ndi luzi, n'kuwapachika chozondotsa ku denga la chipinda chamdima chopita mphepo. Mtolo umodzi umene anaupachika m'khitchini unada ndi utsi, ndipo wina mbewa zinauyoyola pofuna njere, koma yotsalayo inafika Novembala ili bwino. Anailuka nkhata pa timitengo tofewa topinda, ndipo nkhatazo zinagulidwa msanga kuposa maluwa aawisi, chifukwa ogula anaona kuti pamanda padzuwa zikhalitsa, pamene zinnia imafota tsiku lomwelo.

Kalendala imene ndikupereka tsopano kwa alimi a ku Angónia ndi Tsangano ndi yakuti maluwa okonda kuzizira afesedwe kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo, zinnia ndi marigold a msika wa Novembala afesedwe kumapeto kwa Ogasiti pokhapokha ngati chitsime chili chodalirika, ndipo m'dzinja mulimidwe marigold, cosmos wopanda feteleza, ndi maluwa oumitsa. Kwa a kuchigwa, zonse zanthete zifesedwe mvula ikangotha, ndipo mbande zisatsike kuchokera kumtunda pambuyo pa mwezi wa Meyi. Ndisanavomereze malo, ndimafunsa mbewu imene inalipo zaka zitatu zapitazo, ndipo njere zilizonse zogula timayamba taziyesa pa kansalu.

Ulendo wanga womaliza wa m'lipoti lino unali pakati pa Novembala 2024. Ndinapeza bambo aja ali m'chitsime ndi khasu lalifupi, akuchikuza kuti chitsike ndi mita ina, mwana wawo akukoka ndowa za matope. Mayi anali pakhonde akupukusa mitu youma ya gomphrena m'lichero. Anandiuza kuti chaka chamawa zinnia abwerera pa bedi limodzi, petunia sadzagulanso, ndipo mizere ya maluwa oumitsa ikhala isanu ndi umodzi. Amayi awiri a m'gulu lawo la kutchalitchi apempha kale njere, ndipo tagwirizana kuti ndikaone madimba awo mu Malichi asanafese.